Chingwe cha Mawu ku Lifidzi

Alizira amawerenga mokweza ngati wailesi ya ku Tete,
Chipwitikizi chosalala, lilime losapunthwa,
koma ndikatseka buku n'kufunsa kuti wamvapo chiyani,
amayang'ana kudenga
kumene namzeze anamata nyumba yake.
Mawu amudutsa ngati mvula pa thanthwe la Domwe,
yonyowetsa pamwamba pokha.

Lachitatu lina a Chatepa a masamu
analowa mu ofesi akukupiza pepala,
kuseka mpaka kutsokomola.
Funso linati apeze produto wa 6 ndi 9.
Mwana analemba mosamala, zilembo zoongoka:
mbatatesi, kabichi, nyemba.
Ndizo zimene mayi ake amakweza pa galimoto ya ku Ulongwe,
ndizo zimene wodula ziphaso pamsika amazitcha produto.
Ndinati, a Chatepa, mwanayu sananame.
Dzina walipeza, wangolowa nyumba ya mnansi.

M'mawa mwake ndinamanga chingwe cha khonje
kuchokera pa zenera losweka kukafika pa msomali wa kalendala.
Tinadula makatoni a sopo,
liwu limodzi pa chidutswa chimodzi,
n'kuwapachika ngati fodya m'chigafa.
Lamulo linali limodzi:
liwu lisatsike tisanadziwe konse kumene limagona.

Corrente anatidyera sabata yathunthu.
Zeferino anabwera ndi tcheni cha njinga ya amalume ake,
girisi mpaka m'zigongono.
M'buku la za malo, liwu lomwelo linali liwiro la Revubwe,
lija linakokolola mbuzi ziwiri za a Sitolo chaka chatha.
M'buku la sayansi linali moto woyenda m'mawaya,
wodutsa pamwamba pa mudzi wathu osapereka moni.
Zeferino anapukuta manja pa kabudula,
nati, "Komatu zonsezi zimakoka."
Ine ndinali ndisanaganizepo.
Ndinalemba pa bolodi, dzina lake pansi pake.

Raiz tinachita kumukumba kuseri kwa kalasi,
muzu wa chisoso, dothi likuyoyokera pa makope.
A Chatepa atamva phokoso anasuzumira pakhomo.
"Nanenso muzu wanga ndili nawo,"
nalemba 49, namufunditsa kadenga kake kopindika,
ana n'kukumba, kukumba,
mpaka khasu linagunda 7.
Kuyambira tsikulo amabwera okha, katoni ili m'manja,
ngakhale amati n'zongotaya nthawi.

Sizonse zinayenda.
Mvula yoyamba inalowera pa zenera lija
n'kufufuta mawu asanu ndi anayi.
Fonte mpaka lero ana ena amangomudziwa ngati kasupe,
pa phunziro la mbiri yakale amafunabe chidebe.
Woyendera sukulu anafunsa chifukwa chake tatsalira masamba khumi.
Ndinamuonetsa chingwe.
Analemba kanthu m'kabuku kake, nafunsa njira ya ku Domwe.

Dzulo, ena atatuluka,
Alizira anatsalira akusesa pansi posesa kale.
M'thumba la diresi anatulutsa katoni yake,
yodula ndi mpeni wosendera mbatatesi.
Sanalembepo Chipwitikizi.
Analemba lathu: kuwerenga.

"Aphunzitsi, ilinso limagona pawiri.
Bambo amawerenga mbuzi madzulo, ine ndimawerenga buku.
Koma iwo ikasowa imodzi amadziwa,
amatenga tochi, amapita kukaifuna.
Ine mawu ankasowa khola lonse
ndili chiwerengere."

Ndinasowa choyankha.
Ndinakwera pa desiki yogwedera ija,
iye atagwira miyendo yake,
ndi kupachika katoniyo pakati penipeni,
pakati pa corrente ndi raiz,
pomwe mphepo ya pa zenera losweka
imafika poyamba.