Kalendala ya pa Shedi ya Ajibu

Pa shedi ya Ajibu ku Chirimba,
pomwe ndimamatitsa chubu pangongole,
papachikidwa kalendala ya chaka chatha.
Safuna kuichotsa. Akuti imatseka bowo la mphepo.

Tsamba la Seputembala:
azungu awiri, bambo ndi mayi,
pa njinga zoonda ngati udzudzu,
msewu ukupsepsa m'mphepete mwa phompho,
kumunsi nyanja yamchere yati ndee,
nyumba zoyera zaunjikana pathanthwe
ngati mazira m'lichero.
Pansi pake adalembapo kuti Itale.

"Amenewotu ali pa holide,"
akutero Ajibu, sipoko ili kukamwa.
"Amachita kulipira kuti apalase."

Ndidaseka mpaka kutsokomola fumbi la makala.

Kulipira!
Ine ndanyamuka ku Kunthembwe nthanda isanatuluke,
matumba atatu pa keliyala,
handulo ikunjenjemera ngati yagwidwa malungo,
zitunda zonse ndazikankha ndi chifuwa,
buleki yanga ndi chidendene cha patapata.
Palibe amene wandijambula.

Komabe, Ajibu ali kalikiliki ndi guluu,
ndamuyang'anitsitsa mayi uja.
Mtsempha wapakhosi watupa.
Kukamwa kuli yasa, si kuseka ayi,
ndikukudziwa kuyasama kumeneko.
Chitunda sichifunsa pasipoti.
Moto uli m'ntchafu zake
ndi womwewu ndimagona nawo ine.
Kungoti iye pamwamba akamwa madzi ozizira,
ine pamwamba ndikakangana ndi mayi wa ku Ndirande
wofuna thumba pa mtengo wa theka.

Madzulo matumba atha.
Njinga yapepuka mpaka ndaiiwala.
Pa mtsetse wa Magalasi ndaleka kupalasa,
miyendo ndatambasula ngati mwana,
mphepo yadzaza malaya anga ong'ambika kukhwapa.
Kumanzere Michiru wadetsa nkhope,
kumunsi malata a Chirimba akunyezimira,
zikwi ndi zikwi, dzuwa likuwanyambita,
ndipo ndikatsinzina diso limodzi
ndi mafunde ndithu.
Ndaliza belu popanda wonditsekera njira.
Minibasi yandiimbira hutala, kondakitala watukwana,
ine ndamukwezera dzanja ngati mlendo wochokera kutali.

Mphindi zinayi, mwina zisanu.
Sindidalipire kanthu.

Kenaka tayala lakumbuyo lati fyuu,
pa chigamba chomwe chija.
Ndatsika, ndikukankha,
ndikuwerenga m'mutu za Ajibu:
ya lero, ya Lachiwiri,
ndi ya sipoko ija adaluma.