Njere Zisanu za Chimanga

A Gelesomu anandiikira zipolopolo ziwiri m'manja,
china uku, china uku,
nati: Tsinzina, unene cholemera.
Tinali pakhonde la nyumba ya zida ku Lifupa,
mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Ndinakweza dzanja lamanzere. Anagwedeza mutu.
Zimasiyana ndi njere zisanu za chimanga basi, anatero,
koma njati imadziwa kuwerenga.

Chopepukachi n'chaliwiro,
chimawongoka ngati mzere wa fodya.
Kwa mphoyo, kwa nguluwe, n'chokwana.
Koma chikagunda phewa la njati
chimaphwanyikira pafupa ngati dzira,
nyama n'kulowa m'tsekera ndi moto m'thupi,
mawa lake n'kukumana ndi mayi wotola nkhuni.

Anapinda buluku lawo.
Chipsera chinachokera pabondo,
chinakathera komwe sanandionetse.
Ichi, anatero, ndinagula ndi chopepuka.

Cholemera chimayenda mosafulumira,
chimagwa msanga ukaombera patali,
chimakubweza phewa mpaka mano kuluma lilime.
Choncho uyandikire. Uyandikirebe.
Umve ikupuma.

Uthenga unachokera kwa Chulu Lachinayi:
njati yathyola waya,
yaponda mwana wa a Tikhale m'dimba la mpiru.
Ndinatenga zolemera zinayi,
chopepuka chija chinatsalira m'thumba la malaya.

Tinaipeza m'bango m'mbali mwa Dwangwa,
itaima, mphuno m'mwamba, ikutsimphina pamalo pomwepo.
Mapazi makumi atatu.
Sindikumbuka kulira kwa mfuti,
ndikumbuka mbalame ziwiri zikunyamuka pamsana pake
ndi maondo ake akupinda ngati a munthu m'tchalitchi.

Poisenda, mpeni unaluma chitsulo.
Paphewa, m'kati mwa mafinya,
munali kachidutswa ka msomali wa gogodela,
kochepa kuposa chikhadabo changa.
Wina, usiku wina, anaombera ndi chomwe anali nacho,
nathawa.

Anthu anabwera ndi mabeseni.
A Tikhale sanatenge nyama.
Anapempha kamsomali kaja,
anakatembenuza pachikhatho kawiri,
nakamanga pa ngodya ya chitenje.

A Gelesomu anapuma ntchito, ali ku Santhe akulima soya.
Tsopano ndine ndimaikira anyamata zipolopolo m'manja.
Ena amaloza molondola, ena ayi.
Ndilibe chipsera chowaonetsa.
Ndimangowauza za phewa langa lamanja
lomwe limandidzutsa mvula ikamayandikira,
ndi kuti chopepuka chija ndikadali nacho.