Mapointi Khumi ndi Anayi

Achimwene a Sozinyo anakhoza ndi mapointi khumi ndi anayi.
Tsiku limenelo bambo anapha mbuzi yomwe tinkasungira maliro,
dzuwa la ku Bangula likuwotcha ngati tili nalo ngongole,
ndipo anthu anati: uyu ndiye watiwolotsa.

Satifiketi anaikulunga m'jumbo ya shuga
naipachika kudenga, pamwamba pa mzere
umene madzi osefukira anasiya pakhoma.
Madzi sadzaifikira, anatero.
Zoona, sanaifikire.
Palibenso china chimene chinaifikira.

Chaka choyamba ankalemba makalata.
Bwana wolemekezeka, ndine mnyamata wa zaka makumi awiri...
Ankapita nawo mpaka ku Nchalo, maenvulopu atanyowa thukuta,
mlonda wa pageti n'kuwalandira ndi dzanja lamanzere,
lamanja likuingitsa ntchentche.
Chaka chachiwiri anadula nzimbe miyezi isanu,
kubwera ali bii ndi mwaye mpaka m'zikope.
Sizoni itatha, dzina lawo linathera pomwepo.
Chaka chachitatu, kabaza ya eni ake.
Tsiku lina ananyamula mphunzitsi wawo wa fizikisi ndi thumba la mapira,
ulendo wonse osatembenuka,
akupemphera kuti nkhongo isawaulule.

Kenako anasiya kugona.
Ndinkawamva pamphasa, panja pomwe tonse timathawira kutentha,
akunong'ona mafomula ngati munthu wopemphera korona.
Anasiya bawo. Anasiya kusamba.
Moni ankangomuyang'ana akudutsa.
Njinga inagona patsinde pa mtengo wa masawu,
tcheni n'kuchita dzimbiri.

Anthu sasowa mayina.
Ena anati chamba. Ena anati sukulu inawalowa m'mutu.
Azakhali anati awalodza ndi aja ana awo analephera.
Bambo anangoti: mwamuna salira,
ngati kuti achimwene ankalira.
Akanalira bwenzi zili bwino.
Kuchipatala anawabaya chala. Malungo mulibe.
Panado uyu, bwererani.

Lachinayi lina ndinawapeza pa Mtayamoyo,
dzina lomwe kale ndinkalitchula osalimva.
Anakhala m'mphepete, masilipasi atavula,
atawaika bwinobwino pambali,
akuyang'ana namasupuni akutsetsereka ndi madzi.
Mawu ndinalibe. Ndili Fomu 2, mawu otere satiphunzitsa.
Ndinangokhalira masilipasiwo.
Dzuwa linapendeka. Eni mabwato anayamba kumangirira.
Iwo anati: Luwiza, dzuka, undidulira.
Ndinati: sindidzuka.
Ndipo china chake chinatuluka kukhosi kwawo,
theka kuseka,
theka chinthu chimene chinatha zaka zitatu chikufuna khomo.

Tinapita ku Nsanje paboma ndi ndalama ya thonje ya amayi.
Namwino wina wa mpata m'mano sanabaye chala.
Anafunsa: mumagona?
Kukamacha, mumaganiza zotani?
Anadikira yankho mpaka linabwera.
Anati matendawa ali ndi dzina, ndipo dzinalo si ulesi.
Anati mubwerenso Lachitatu.

Sindikunena kuti achira.
Ntchito sinabwere.
Jumbo ikadali kudenga, akangaude akuilondera.
Masiku ena amadzuka, ena ayi.
Koma dzulo ndinawaona akudontheza oyilo patcheni,
madzulo n'kutenga kope langa la masamu:
apa walakwitsa, nambala siwoloka chonchi,
ikawoloka imasintha chizindikiro.

Ine ndimawerengabe, ndi tochi ya mabatire ofooka,
udzudzu ukuyimba m'khutu.
Nthawi zina ndimakweza maso kudenga
n'kudzifunsa: kodi nanenso ndikuthamangira jumbo yanga?
Funsoli sindinauze munthu,
ngakhale mnzanga Fulaziya amene timabwerekana cholembera.
Mwina Lachitatu ndidzalowa nawo,
ndidzakhale kumapeto kwa benchi,
ndidikire kuti namwino uja
andifunse inenso ngati ndimagona.