Loweruka ku Kilkee

Lolemba mpaka Lachisanu
ndimadzuka wotchi isanalire,
kunja kudakali mdima wa ndiweyani,
mvula ya kuno ikugogoda pazenera pang'onopang'ono
ngati mlendo wamanyazi.
Basi ya mu Limerick siyidikira munthu.
Ndimakhala kumbuyo, manja m'khwapa,
kuwerenga mayina a misewu
omwe lilime langa likuwaopabe.

Kunyumba ya okalamba ndimasambitsa a Nuala,
omwe amandiitana ndi dzina la mng'ono wawo
amene anatsogola kalekale.
Ndinasiya kuwakonza.
Ndimangovomera, n'kumawapesa tsitsi
lopyapyala ngati ndevu za chimanga.
A Fintan safuna phala lopanda mchere.
Tsiku lililonse amandifunsa ngati kwathu kumagwa mvula,
ndikayankha amadabwa
ngati akumva koyamba.

Malipiro amalowa Lachinayi usiku.
Pofika Lachisanu masana agawanika kale:
lendi, magetsi, khadi ya basi,
fizi ya Ulemu.
Zotsala zimakwana m'chitini cha tiyi
ndipo chitinicho chimalira ndikachigwedeza.

Koma Loweruka!
Loweruka Bożena wa chipinda chapamwamba
amagogoda ndi chigongono,
manja atadzaza mafulasiki ndi buledi wakwawo,
kundiitana m'Chingerezi chake chothyokathyoka
chomwe chimamvana bwino ndi changa.
Galimoto lake limatsokomola pachitunda chilichonse.
Timadutsa mipanda ya miyala yosanjidwa popanda simenti,
ng'ombe zonenepa zopanda mbusa,
nkhosa zopakidwa utoto pamsana
ngati zinagona m'kalasi ya ana.

Ku Kilkee mphepo imakulanda mawu pakamwa.
Unali mwezi wa Novembala, ine majuzi atatu,
koma taonani amayi aimvi
akuvula pamiyala, akuseka chikhakhali,
kutsikira m'madzi akuda bii
ngati aitanidwa ku ukwati.
Ndinati chamumtima: awa mitu inazungulira.
Mmodzi, Gráinne dzina lake,
milomo itachita kuda ndi kuzizira,
anandikodola ndi dzanja lonjenjemera.
“Mapazi okha,” anatero. “Mapazi okha, mwanawe.”

Ndinavula nsapato zantchito.
Madzi anandiluma ngati agalu khumi
ndipo ndinakuwa m'chinenero changa
mawu omwe sindingawalembe pano.
Amayi onse aja anawabwereza mokweza,
poganiza kuti ndi moni.
Mpaka lero ndikangotulukira pamiyalapo
amandilonjera nawo, manja m'mwamba.
Sindinawauzebe tanthauzo lake.

Pambuyo pake tchipisi m'galimoto,
viniga akununkha, magalasi atachita nthunzi,
mbalame yoyera itaima pabonati
kutiwerengera chilichonse cholowa m'kamwa.
Bożena amakamba za mwana wake wa ku Rzeszów
yemwe wayamba kumuyankha mwachidule pafoni.
Ine sindimulangiza kanthu.
Ndimamupatsa tchipisi zanga zopsereza,
zomwe amazikonda.

Chithunzi ndimatumiza kwathu tisananyamuke:
nyanja kumbuyo, mano onse panja.
Zala zouma ndi chisanu sizioneka pachithunzi.
Yankho limafika tisanadutse Ennis:
“Koma ndiye mukunjoyatu kumeneko!”
Kenako, patapita mphindi ziwiri,
mtengo watsopano wa feteleza.

Lamulungu ndi la zochapa.
Makina amazungulira, ine n'kumawayang'ana,
mchenga wa dzulo ukutuluka m'masokosi.
Zovala ndimayanika m'nyumba, pachitsulo chotenthetsera,
poti dzuwa la kuno ndi mboni chabe:
limaonekera, kusaina, n'kuchoka.

Lolemba ndinawauza a Nuala
kuti ndinaponda m'nyanja.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
sopo ali m'khutu,
kenako anandimenya kambama kofewa padzanja.
“Wabodza iwe, Bríd.
Chibadwire umaopa madzi.”

Ndinafinya kansalu kosambira.
Ndinati, eya, ndinkaopadi.
Tukulani dzanja linalo.