Liwu Limene Tinalanda kwa Agalu

Dokotala wa ku Norwich anatembenuza kompyuta kuti ndione.
"Zonse zikadalimo m'mutu mwa bambo anu," anatero,
"chavuta n'kukazitenga."
Pamenepo anatchula liwu lija, retrieve,
ngati ndi lake, lobadwira m'chipatala,
lonunkha mankhwala okolopera pansi.

Ndinangoti duu.
Ine liwu limenelo ndinalimva ndili ndi zaka zisanu,
m'dambo la ku Cley, chisanu chitaumitsa bango,
likutuluka m'kamwa mwa bambo pamodzi ndi nthunzi,
galu n'kudziponya m'madzi, khuvu!

Aubrey Gotts. Zaka makumi anayi akulera nkhwali za eni minda,
kuti Novembala akafika, alendo ovala bwino adzaziwombere.
Sankawerenga mabuku. Ankawerenga mphepo.

Usiku womwewo ndinatsitsa buku lomasulira mawu
limene amayi ankatsamiritsira chitseko cha kukhitchini.
Likuti liwuli linawoloka nyanja kuchokera ku Falansa
zaka mazana angapo zapitazo,
ndipo kwawoko linkangotanthauza kupezanso.
Kuno linafikira m'manja mwa alenje:
mbalame yagwera m'zitsamba, maso a anthu alephera,
galu aisaka ndi mphuno mpaka aivumbulula.
Basi. Ntchito yake inkathera pomwepo.
Zonyamula pakamwa n'kudzatula kumapazi a mbuyake
zinabwera pambuyo.

Kenako ife tinawalanda agalu liwu lawo.
Talituma kukatenga kalata yomira m'kompyuta,
chikwama chotsalira pabwalo la ndege,
mpira umene aliyense ankati wapita,
ngakhale ulemu wa munthu amene anadzichotsera yekha.
Tikalimata ndi kachidutswa kokanira kutsogolo kwake
limasanduka la m'khoti:
ndi limene woweruza analemba pa ukwati wanga,
kuti wasweka mosabwezeka.

Lamlungu ndinapita kunyumba yosungirako okalamba ku Holt.
Ndinatenga Tansy, galu wawo womaliza,
wa imvi kukamwa, wokoka mwendo wakumanzere.
Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali,
n'kundifunsa mwaulemu ngati basi ya ku Sheringham yadutsa.
Ndinati sinadutse.
Tiyi anazizira m'makapu.

Ndiye chovala cha m'manja chinaterereka pamaondo pawo,
n'kugwera kunsi kwa mpando.
Palibe anamuuza. Tansy anadzuka ndi mafupa ake olira,
anachitola, anazungulira tebulo,
n'kukhala pansi patsogolo pawo, mutu atatukula.
Dzanja la bambo linatsika lokha,
chikhatho chitayang'ana kumwamba, monga kale.
Anachitembenuza chovalacho, kufuna pamene palowa dzino.
Panalibe.
"Pakamwa pofewa," anatero. "Ngati agogo ake."

Ndipo anayamba kuwatchula, mmodzi ndi mmodzi:
Bracken, amene anamira chaka cha madzi osefukira,
Jet wakuba mazira,
Sorrel, Teal, ndi uja wamantha ndi mfuti
amene anakana kumugulitsa.
Agalu khumi ndi mmodzi, osadumphako,
aliyense ndi khalidwe lake.
Ine ndinagwira mpweya, kudikira kumapeto kwa mzere,
poti mwina ndikubwera pambuyo pa agalu.

Anathera pa Tansy.
Kenako anandifunsanso za basi.

Pobwerera, mvula ikuwaza pagalasi la galimoto,
ndinakwiyira buku lija, ndinakwiyira dokotala,
ndinakwiyira ngakhale Afalansa.
Koma pamphambano ya ku Letheringsett ndinakumbukira
kuti poyambirira liwuli silinalonjeze kubweretsa kanthu.
Linangoti galu aloze pamene mbalame yabisala.

Ndikudziwa pamene abisala.
Ali m'bango, m'mawa wina wa Novembala,
wenzulo ili pakhosi, nsapato zadzaza madzi.
Kuwanyamula sindingathe.
Pakamwa panga ine mpolimba:
ndimafunsa mafunso, ndimakonza zimene alakwitsa,
ndimasiya mano.

Tansy wagona kumpando wakumbuyo, akununkha chinyezi.
Sabata yamawa chovalacho ndidzachigwetsa dala.