Nthambi Zisanu ndi Ziwiri

A landilodi anabwera Lolemba,
chipewa chili m'manja:
mwezi ukatha, makiyi.
Mwana wawo wabwerako ku Joni ndi mkazi.
Sindinayankhe. Maso anali pakhonde
pomwe boganivila wakwera mpaka pamalata,
zaka zisanu ndi zinayi akumwa madzi otsukira mbale.

Bedi timamasula, mbaula timanyamula,
nkhuku timazimanga miyendo.
Koma uyu mizu yake yalowa pansi pa maziko a eni,
ngolo singamutenge.

M'mamawa, Chankhanga asanatsegule mageti,
ndinanola mpeni wosendera chinangwa.
Nsonga sudula, n'njanthete, imafota ngati bonongwe.
Tsinde sudula, lakalamba, silimva.
Umasankha yapakati, yonenepa ngati pensulo,
khungwa litayamba kutuwa,
uwerenge maso anayi,
udule mopendeketsa mmunsi mwa mfundo.

Anandiphunzitsa ndi Nankhoma
tikusankha fodya kuesiteti.
Nthambi yoyamba anaithyola yekha kumpanda wa manijala,
naibisa m'chitenje,
munga ukumulasa ntchafu,
iye n'kumapereka moni kwa mlonda, mano onse panja.
Anabwerera kwawo ku Santhe.
Nambala yake siilowanso.

Mapaketi a chibuku ndinatola kuseri kwa shabini,
ndinawaboola ndi msomali.
Mchenga wa m'ngalande, dothi lakuda la pansi pa mango,
manyowa a mbuzi dzanja limodzi lokha.
Masamba ndinapulula, kusiya awiri
kuti nthambi isaiwale kuti ndi mtengo.
Chilichonse ndinachivindikira ndi botolo lodula pakati,
zisanu ndi ziwiri,
kundanda mumthunzi kuseri kwa bafa
ngati odwala pabenchi lachipatala.

Kenako palibe chochita.
Ntchito yovuta ndi imeneyo.
Ndowa yapakiyosiki ndi ndalama,
komabe ukathirira kwambiri zimaola,
ukaumira zimauma,
ndiye umapisa chala m'dothi
monga timayesera madzi osambitsa khanda.

Yoyamba anazula Mwatitha
kuti aone ngati mizu yabwera.
Patapita masiku atatu anazulanso ina.
Ndinamukalipira, koma usiku womwewo
nanenso ndinapitako ndi tochi yapafoni.
Yachitatu mbuzi ya a Tsokalida inagudubuza.
Yachinayi ndinadzala chadodolido ndekha,
maso kuyang'ana pansi,
mutu unali kwa eni nyumba ndi madipoziti awo.
Yachisanu inangoda. Sinanene chifukwa.

Ndinapempha mwezi wina. Anandipatsa theka.
Okutobala anawotcha,
phiri la Kasungu lili mbuu ndi utsi wa osaka mbewa.
Katundu ali m'matumba a feteleza,
ndinakweza botolo limodzi m'mamawa:
kadiso katupa,
kobiriwira, kochepa ngati njere ya mpiru.
Ndinakoka pang'ono. Inakana.
Sindinasangalalepo chonchi ndi chinthu chondikana.

Tsiku losamuka mkazi wa ku Joni uja anafika ndi tepi,
akuyeza mawindo.
Anati duwali likugwetsa zinyalala pakhonde,
alidula Loweruka.
Ndinati dulani, limaphuka.
Sindinamuuze kuti pofuna kuti lichite maluwa
umalimana madzi.
Adziwa yekha, kapena sadziwa.

Pangolo mapaketi awiri anali pamiyendo panga,
dothi likudontha pachitenje,
ng'ombe zikusankha maenje onse a mumsewu.
Nyumba yatsopano ndi zipinda ziwiri,
bwalo louma gwa, mpanda wa mapesi,
mwini wake nayenso ali ndi mwana kunja.

Mwatitha akuti, Amayi, tidzale m'ndowa yobooka ija
kuti akadzatichotsa tidzangonyamula.
Mwanayu ali Sitandade 5 koma amawerenga kutali.
Ndaima. Ndayang'ana ndowa,
ndayang'ana pakona pomwe dzuwa limayambira,
pomwe madzi adenga adzagwere mvula ikabwera.

Imodzi yalowa m'ndowa.
Inayo, ndati, kabwereke khasu.