Njere Zisanu ndi Imodzi

Ku Enna, pamwamba pa phiri, pomwe mitambo imagona pakhomo,
mayi Gaetana amaswa dzira m'mawa uliwonse,
osati la kadzutsa ayi,
koma losakanizira utoto.
Ine yanga n'kupera: katondo wa m'chigwa,
makala a mpesa wouma,
ndi kamwala kobiriwira komwe amakabisa m'chitini cha khofi
ngati ndalama ya pamaliro.

Zaka zitatu ndawaperera,
ndipo nkhani ndi yomweyomweyo:
mtsikana akuthyola maluwa m'mbali mwa thamanda la Pergusa,
nthaka ing'ambika,
akavalo akuda bii atumphuka,
mwini dziko la akufa amunyamula ngati nkhuku ya pamsika.
Mayi wake, mwini tirigu yense,
ayenda ndi muuni usiku ndi usana,
naletsa mbewu kumera mpaka mwana abwere.

Makolo a kuno ankaiimba nthanoyi.
Ena anailemba pamitsuko,
ena anaipaka kudenga la nyumba za mafumu,
amisiri a ndevu okonda mphindi ya kulanda:
minofu ya akavalo, nsalu ili petupetu,
kukamwa kwa mtsikana kuli yasa.
Mayi Gaetana amati, "Amuna aja ankangoona akavalo."
Iwo amajambula za m'mawa mwake:
dengu lili chafufumimba paudzu,
maluwa ayamba kufota,
ndi mayi ali chilili pakhomo, dzanja pachipumi.

Tsiku lina ndinafunsa,
poti phazi la mwana silichedwa kuponda pabala:
"Bwanji nkhope ya mtsikanayu simuimaliza?"
Burashi inaima m'malere.
Zii.
Belu la tchalitchi linagunda kanayi, njiwa zinabalalika.
"Pera," anatero, "utoto ukuuma."

Wophika buledi ndiye anandinong'oneza
za Liboria, mwana wawo mmodzi yekhayo,
amene anakwera basi ya ku Jeremani
chaka chomwe tirigu anapsa ndi dzuwa asanache,
kukamanga zitseko za galimoto m'fakitale yopanda zenera.
Analawa malipiro a kumeneko.
Ndipo wolawa chakudya cha kunsi, ikutero nthano,
theka la moyo wake n'la eni mbale.

Choncho chisanu chikafika, nkhungu ikameza mzinda,
utoto wa mayi Gaetana umazizira nawo,
phulusa, chitsulo, thambo la mvula yokana kugwa.
Pathebulo amaikapo khangaza long'ambidwa pakati,
njere zake zili psuu,
nawerenga ndi nsonga ya mpeni:
imodzi, ziwiri, mpaka zisanu ndi imodzi,
miyezi ya mdima.
Njere imodzi imawadyera sabata yathunthu,
ndipo ine zala zimachita dzanzi pamwala woperera.

Koma mu Epulo minda ikachita msipu,
basi imakwera phiri ikubuula,
Liboria n'kutsika ndi sutikesi yomanga ndi lamba,
imvi ziwiri zitatu pamwamba pa khutu,
m'manja muli fungo la girizi lokana sopo.
Pamenepo maburashi amauma m'botolo.
Mazira onse amapita m'chiwaya.
Nyumba imadzaza phokoso la mbale ndi mikangano ya mchere,
ine amandiuza ndipite kwathu, ntchito palibe.

Ndiye nkhope ija ingathe liti?
Mwana akakhalapo, nthawi yojambula palibe;
akachoka, maso salola.

Dzana kunabwera mlendo wa chipewa chachikulu,
naima nthawi yaitali pamaso pa chithunzi,
naloza malo oyera aja pakati pa tsitsi ndi khosi.
"Ameneyu ndani?"
Mayi Gaetana anapukuta manja pa epuloni.
"Ndi wakale ameneyo," anatero,
"wakale kuposa miyala ya mzinda uno.
Anabadwa kusanakhale Aroma, kusanakhale belu."
Kenaka anasuzumira pazenera, kumsewu wokhotakhota,
nawonjeza chapansipansi:
"Amabwera pa basi ya Lachisanu."